Khadi la ngongole la ku banki: ubwino wake uli pati, ndipo umamufikira yani kuno ku Tete?

Anthu ambiri amene malipiro awo amalowera ku banki m'chigawo cha Tete, kaya ndi aphunzitsi a ku Ulongwe, anamwino a ku Furancungo, ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize kapena a kudamu la Cahora Bassa ku Songo, anamvapo kuti banki ikhoza kuwapatsa khadi lachiwiri, limene mapepala a banki amalitchula kuti cartão de crédito. Ena amalikana pomwepo akangomva kuti muli ngongole, ena amalilandira ndi manja awiri poganiza kuti ndi ndalama yowonjezera pa malipiro awo, ndipo onsewa kawirikawiri amasankha asanamvetse m'mene khadilo limagwirira ntchito. Chisokonezo chimakula chifukwa chakuti zambiri zimene zili pa intaneti zoyamikira makhadiwa zinalembedwera anthu a ku America ndi ku Ulaya, kumene malamulo, chiwongoladzanja ndi masitolo n'zosiyana ndi za kwathu kuno. Choncho m'pofunika kutenga ubwino uliwonse umene umanenedwa, kuona kumene unachokera, ndi kufunsa ngati umafikadi kwa munthu amene amagula ndi kulipira m'meticais.

Khadi la ngongole n'chiyani

Khadi limene ambiri ali nalo kale, lija amatapira malipiro pa ATM, limagwiritsa ntchito ndalama za mwini wake. Mukalipira nalo m'sitolo, ndalama imachoka mu akaunti yanu nthawi yomweyo, ndipo akauntiyo ikauma khadi limakana. Momwemonso ndi M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, pakuti m'foni mumatuluka zimene munaikamo kapena zimene wina anakutumizirani. Khadi la ngongole ndi losiyana pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti ndalama imene imalipira wamalonda ndi ya banki. Banki imakuikirani malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito, amene pamapepala amalembedwa kuti plafond, poyang'ana malipiro anu ndi mbiri yanu. Kamodzi pamwezi imakutumizirani chikalata chotchedwa extracto, chosonyeza zonse zimene munagula, tsiku lomaliza kulipira ndiponso ndalama yochepetsetsa imene ingalandire kwa inu mwezi umenewo. Mukabweza, malire aja amatsegukanso, ndipo mukhoza kubwerekanso popanda kukalemba mapepala atsopano.

Aliyense amene anakulira pamudzi amadziwa kope la ngongole la pa golosale, m'mene mwini sitolo amalembamo sopo, shuga ndi mafuta amene mphunzitsi watenga pakati pa mwezi, n'kumadikira tsiku la malipiro. Khadi la ngongole ndi kope lomwelo, koma losungidwa ndi banki, ndipo limagwira ntchito m'sitolo iliyonse imene ili ndi makina olipirira ndi khadi, otchedwa POS, ngakhale mwini wake asakudziweni. Wamalonda salinso ndi nkhawa yokulondolani, chifukwa banki yamulipira kale. Kusiyana kwina n'kwakuti mwini golosale akamva kuti kwanu kwagwa maliro amakudikirani mwezi wina osawonjezera kanthu, pamene kope la banki limawerenga masiku basi.

Kuti munthu apatsidwe khadili, mabanki monga Millennium bim, BCI, Standard Bank, Absa ndi Moza Banco kawirikawiri amafuna chitupa cha BI, nambala ya msonkho ya NUIT, umboni wa kumene akukhala ndi umboni wa ndalama zimene amalandira. Umboni womalizawu ndi umene umasefa anthu ambiri, ndipo tidzabwereranso kwa iwo.

Kumene linachokera

Khadi loyamba lodziwika bwino linali la Diners Club, limene Frank McNamara ndi anzake anayambitsa ku New York mu 1950 kuti anthu azidya m'malesitilanti n'kulipira zonse pamodzi pakutha pa mwezi. Pa khadi limenelo ngongole yonse inkayenera kubwezedwa mwezi womwewo. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1958, pamene Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 otchedwa BankAmericard kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California, anthuwo asanawapemphe n'komwe, ndipo inawalola kubweza pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja. Poyamba bankiyo inataya ndalama zambiri chifukwa cha anthu osabweza ndi akuba, mpaka mu 1970 boma la America linaletsa kutumizira anthu makhadi amene sanapemphe. BankAmericard ndi imene inadzatchedwa Visa mu 1976, ndipo gulu lina la mabanki limene linayamba mu 1966 ndi limene linadzakhala Mastercard.

Mbiri imeneyi ikutithandiza kumvetsa zinthu ziwiri. Choyamba, Visa ndi Mastercard sizibwereketsa ndalama kwa munthu aliyense. Ntchito yawo ndi kulumikiza banki ya wogula ndi banki ya wogulitsa ndi kuika malamulo oyendetsera malipirowo. Amene amakukongozani, amene amaika chiwongoladzanja, ndiponso amene mungakadandaule kwa iye, ndi banki yanu ya kuno ku Mozambique. Chachiwiri, kumayiko kumene khadili linabadwira, linafika kusanakhale njira yolipirira pafoni. Kwathu kuno zinthu zinayenda mosiyana, chifukwa mKesh inayamba mu 2011 ndipo M-Pesa inafika mu 2013, moti wogulitsa mbatata ku Tsangano kapena wa njinga yamoto ku Domwe anazolowera kulandira ndalama pafoni asanaonepo makina a POS. Ubwino wakale wa khadi, woti munthu asamayende ndi ndalama zambiri m'thumba, foni inaubweretsa kale kwa anthu ochuluka zedi. Choncho khadi la ngongole liyenera kuweruzidwa pa zina zimene foni ndi khadi wamba sizingachite.

Masiku opanda chiwongoladzanja

Ubwino weniweni wa khadili ndi nthawi. Zinthu zonse zimene mwagula m'mwezi zimasonkhanitsidwa pa extracto, kenako banki imakupatsani masiku ena oti mulipire. Mukabweza ndalama yonse tsiku lomaliza lisanadutse, simulipira chiwongoladzanja pa zimene munagulazo. Malinga ndi banki komanso tsiku limene mwagulira, nthawi imeneyi ikhoza kufika masiku 45 kapena 50 kwa amene wagula mwezi wa khadi utangoyamba, koma amene wagula mwezi wa khadi uli pafupi kutsekedwa amapeza masiku ochepa, mwina milungu iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake tsiku limene extracto imatsekedwa ndi lofunika kulidziwa kuposa mtundu wa khadi, kaya ndi lagolide kapena lasiliva.

Kwa munthu wa malipiro a pamwezi, nthawi imeneyi si chinthu chochepa. Mwana akadwala pa 12 malipiro akubwera pa 28, kapena firiji ya nsomba ikawonongeka pakati pa mwezi m'kutentha kwa mumzinda wa Tete, njira zimene ambiri amathamangirako ndi kupempha achibale, kudikira chipereganyu, chimene ena amachitcha xitique, kapena kugwa m'manja mwa a katapila, amene phindu lawo la mwezi umodzi limaposa kutali la banki iliyonse. Amene ali ndi khadi akhoza kugula mankhwala tsiku lomwelo, n'kubweza zonse malipiro akalowa, osawonjezerapo kanthu kupatula ndalama ya pachaka yosungira khadi, yotchedwa anuidade. Wamalonda wamng'ono amene amaoda katundu woyenda msanga angapindulenso chimodzimodzi, ngati katunduyo atha tsiku lolipira lisanakwane.

Koma ubwino umenewu uli ndi khomo lopapatiza. Pa extracto pamalembedwa ndalama ziwiri, yonse ndi yochepetsetsa, ndipo polemba mapepala a khadi munthu amafunsidwa gawo limene banki izidula yokha mwezi uliwonse mu akaunti yake. Amene wasankha gawo laling'ono amakhala kuti sanaphwanye pangano lililonse, koma zotsalazo zimayamba kubala chiwongoladzanja. Titenge chitsanzo chongoyerekeza, chosatengedwa ku banki ina iliyonse. Munthu wagula katundu wa meticais 20,000 ndipo chiwongoladzanja cha khadi lake ndi 3 peresenti pamwezi. Akabweza 20,000 yonse pa tsiku lake, nkhani yathera pomwepo. Akabweza 2,000 yokha, patsala 18,000, ndipo mwezi wotsatira pawonjezeka 540. Akapitiriza kupereka 2,000 mwezi uliwonse osagulanso kanthu ndi khadilo, adzamaliza patatha pafupifupi chaka, atapereka ndalama zokwana ngati 23,300, osawerengera msonkho wa imposto de selo umene boma limatenga pa ngongole. Vuto n'lakuti anthu ochepa okha ndi amene amaleka kugula pamene akubweza, ndipo malire akatsegukako pang'ono amadzazidwanso. Nambala ya 3 peresenti imamveka yaing'ono, koma ikamaunjikana mwezi ndi mwezi imapitirira 42 peresenti pachaka.

Chiwongoladzanja cha makhadi chimakwera pa zifukwa zomveka. Ngongole yake ilibe chikole, ndiye banki imawerengera pasadakhale anthu amene sadzabweza, n'kugawira mtolo wawo kwa onse otsala. Komanso ndalama ku Mozambique n'zodula kubwereka kuyambira pamwamba. Kuyambira mu 2017 Banco de Moçambique, banki yaikulu ya dziko lino, imagwiritsa ntchito mlingo wotchedwa MIMO potsogolera mitengo ya ngongole, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Prime Rate, imene mabanki amayambirapo powerengera makasitomala awo. M'chaka cha 2023 MIMO inali pa 17.25 peresenti ndipo Prime Rate inali pamwamba pa 20 peresenti, kenako kuyambira Januwale 2024 banki yaikuluyi inayamba kutsitsa mlingowo pang'onopang'ono. Chiwongoladzanja cha khadi kawirikawiri chimakhala pamwamba pa milingo imeneyi, motero amene akudziwiratu kuti adzabweza kwa miyezi yambiri ayenera kuyerekeza mtengo wa khadi ndi wa ngongole wamba ya ku banki komweko, chifukwa nthawi zambiri ngongole wambayo imatsikirapo.

Palinso msampha wina umene umakhudza kwambiri dera lathu. Masiku opanda chiwongoladzanja aja nthawi zambiri amakhudza kugula pa POS kapena pa intaneti basi. Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole kumakhala ndi mtengo wakewake umene umadulidwa pomwepo, ndipo m'mabanki ambiri chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Popeza m'misika ya ku Angónia, Macanga ndi Chifunde malonda ambiri amachitika ndi ndalama zapamanja kapena pafoni, mwini khadi amakopeka kukatapa, ndipo akatero wataya ubwino umene anatengera khadilo.

Chitetezo pogula

Ubwino wachiwiri umene umatchulidwa kwambiri ndi wakuti khadi limateteza wogula. Malamulo a Visa ndi Mastercard amalola mwini khadi kukana malipiro ena kudzera ku banki yake, monga pamene katundu amene analipira sanafike, pamene ndalama yadulidwa kawiri, kapena pamene wina wagula ndi khadilo mwini wake osadziwa. Banki yanu imatumiza dandaulolo ku banki ya wogulitsa, mbali zonse zimapereka umboni, ndipo mukapezeka kuti mukunena zoona ndalama imabwezedwa. Dandaulo lili ndi nthawi yake yoikika, choncho malisiti ndi mauthenga a pafoni a banki ndi ofunika kusunga.

Njira imeneyi imapezekanso pa khadi wamba limene lili ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard. Kusiyana kuli pa funso lakuti ndi ndalama za yani zimene zasowa pamene nkhani ikufufuzidwa. Wakuba akalowa pa khadi wamba amasesa malipiro anu enieni, lendi ndi ufa zili momwemo, ndipo mumadikira muli chimanjamanja. Akalowa pa khadi la ngongole amawononga malire amene banki inakupatsani, akaunti yanu n'kukhala yosakhudzidwa mpaka tsiku lolipira. Pa mfundo iyi ubwino wa khadi la ngongole ndi woonekeratu, makamaka kwa amene amagula pa intaneti kwa anthu amene sanawaonepo.

Apa m'pamene owerenga ayenera kusamala ndi nkhani zolembedwa kunja. Ku America lamulo limanena kuti khadi la ngongole likagwiritsidwa ntchito ndi wakuba, mwini wake salipira zoposa madola 50. Ku Britain lamulo la 1974 limachititsa banki kuyankha mlandu pamodzi ndi wogulitsa pa katundu wa pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000. Malamulo amenewa ndi a mayiko amenewo, ndipo safika ku Zóbuè. Kuno chimene chimamuteteza munthu ndi pangano limene anasaina ndi banki, malamulo a Banco de Moçambique, imene imalandiranso madandaulo a makasitomala amene sanakhutire ndi yankho la banki yawo, ndiponso lamulo loteteza ogula la 2009. Mapangano ambiri amanena kuti ngati malipiro anatsimikizidwa ndi PIN yanu kapena ndi nambala yachinsinsi imene banki inatumiza pafoni yanu, zimakhala zovuta kutsutsa kuti simunalole ndinu. Akuba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake masiku ano salimbana kwambiri ndi makina, koma amaimba foni akudzitcha antchito a banki n'kupempha manambalawo mwaulemu. Palibe banki imene imafunsa PIN pafoni, ndipo manambala atatu a kumbuyo kwa khadi pamodzi ndi a kutsogolo ndi okwanira kuti munthu agule pa intaneti m'malo ambiri.

Kuwoloka malire ndi kugula kunja

Chigawo cha Tete chimachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo kwa anthu ambiri a ku Angónia, Dedza ndi Lilongwe zili pafupi kuposa mzinda wa Tete. Anthu amadutsa pa Calómuè, pa Zóbuè, pa Cassacatiza ndi pa Cuchamano kukaona abale, kukalandira chithandizo cha mankhwala kapena kukaoda katundu. Khadi la Visa kapena Mastercard limalandiridwa m'mahotela, m'masitolo akuluakulu ndi m'zipatala zina zolipira za m'mayiko amenewa, ndipo limamupulumutsa munthu ku mantha oyenda ndi mtolo wa ndalama m'basi. Mahotela ena ndi makampani obwereketsa magalimoto amakonda khadi la ngongole chifukwa amatha kugwirapo ndalama ya chikole, imene imamasulidwa mlendo akachoka bwino. Kwa wogula matikiti a ndege, mabuku, zida za galimoto kapena maphunziro a pa intaneti, khadi ndi limene limatsegula khomo.

Mtengo wake umabisala m'kasinthidwe ka ndalama. Mukalipira m'makwacha kapena m'madola, ndalamayo imasinthidwa kukhala meticais pa mlingo wa mabanki, ndipo banki yanu imawonjezerapo kagawo kake. Makina ena a kunja amafunsa ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya kwanu kapena ya dzikolo, ndipo nthawi zambiri kusankha ya dzikolo kumatsika mtengo, chifukwa kusintha kumene makinawo amachita okha kumadula. Ndiye palinso chinthu chimene aliyense wa m'malire amachidziwa. M'zaka zapitazi mtengo wovomerezeka wa kwacha ya Malawi wakhala wosiyana kwambiri ndi umene umamveka kwa osintha ndalama a m'misewu, ndipo khadi limatsatira mtengo wovomerezeka. Zotsatira zake n'zakuti katundu yemweyo wa ku Lilongwe amaoneka wodula kwa wolipira ndi khadi kusiyana ndi kwa amene wanyamula makwacha. Kusintha kwa m'misewu kuli kunja kwa lamulo ndipo kuli ndi zoopsa zake, monga ndalama zachinyengo ndi kulandidwa, koma kusiyana kwa mitengoko ndi kumene kumachititsa amalonda ambiri a m'malire kusiya khadi m'thumba.

Kugwiritsa ntchito khadi kunja kumadaliranso ndalama zakunja zimene dziko lili nazo. Kumapeto kwa 2015, metical itagwa mphamvu, Banco de Moçambique inaika malire a meticais 700,000 pachaka pa zimene munthu angalipire kunja ndi makhadi. M'zaka za 2024 ndi 2025 amalonda anadandaulanso za kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, ndipo mabanki ena anachepetsa zimene makasitomala awo angalipire kunja. Motero malire olembedwa pa khadi lanu sakutanthauza kuti ndalama yonseyo idzadutsa mukakhala ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndipo kufunsa ku banki ulendo usanayambe n'kwanzeru.

Mbiri ya ngongole ndi mphatso

Nkhani za kunja zimalimbikitsa achinyamata kutenga khadi kuti amange mbiri yabwino. Izi zimachokera ku America, kumene kuyambira mu 1989 nambala yotchedwa FICO imagwiritsidwa ntchito poyeza kukhulupirika kwa wobwereka, ndipo munthu wopanda mbiri amavutika kupeza ngongole ya nyumba. Ku Mozambique mabanki amapereka mbiri ya ngongole za makasitomala awo ku kaundula wa Banco de Moçambique wotchedwa Central de Registo de Crédito, ndipo banki iliyonse imayang'anamo isanakongoze munthu. Amene wagwiritsa ntchito khadi kwa zaka n'kumabweza bwino amakhala ndi umboni umene ungamuthandize akadzafuna ngongole yaikulu, makamaka ku banki yake yomweyo. Koma kaundulayo amasunganso kuchedwa, ndipo ngongole yaing'ono ya khadi imene inaiwalika ikhoza kutsekereza munthu ngongole yomangira nyumba ku banki ina. Malire a khadi nawonso amawerengedwa poona mtolo umene munthu wasenza kale.

Za mphatso, monga mapointi, kubwezeredwa kagawo ka ndalama kapena inshulansi ya paulendo, n'zokwanira kudziwa kumene zimachokera. Wamalonda amadulidwa kagawo pa malipiro alionse odutsa pa POS, ndipo mbali ya kagawoko imapita ku banki imene inapereka khadi. Ku America kagawoka n'kokulirapo, n'chifukwa chake mphatso zake zimamveka kwambiri, pamene mayiko a European Union mu 2015 anakaikira malire a 0.3 peresenti pa makhadi a ngongole. Mphatso iliyonse iyenera kuikidwa pa sikelo pamodzi ndi anuidade, ndipo mwezi umodzi wa chiwongoladzanja ukhoza kumeza mapointi a chaka chonse.

Ubwinowu umafika kwa yani

Zonse zimene tafotokozazi zikutsamira pa mwezi. Khadi limawerenga mwezi, limalipiritsa pamwezi, ndipo limakomera amene ndalama zake zimalowa pamwezi pa tsiku lodziwika. Kumtunda kwa chigawo chathu ndalama siziyenda choncho. Mlimi wa fodya, soya, chimanga kapena mbatata amafuna feteleza ndi mbewu mvula ikamayandikira mu Novembala, koma ndalama amaziona akakolola ndi kugulitsa, patatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Masiku 45 sangafike kumeneko. Ngakhale mlimi wotere atapatsidwa khadi, feteleza wogulidwa nalo angabale chiwongoladzanja nyengo yonse ya dzinja, ndipo ngongole ya zipangizo imene makampani a fodya amapereka n'kudzadula pogula, kapena ngongole ya ulimi ya ku banki, ndi imene inapangidwira nyengo yotere, ngakhale nayonso ili ndi madandaulo ake. Wogwira ntchito m'boma nayenso ali ndi nkhawa yake, pakuti malipiro akachedwa tsiku lolipira khadi silisuntha.

Komanso khadi limagwira ntchito pokhapo pamene pali makina, magetsi ndi netiweki. Boma linayambitsa ndondomeko ya Um Distrito, Um Banco mu 2016 pofuna kuti boma lililonse laling'ono likhale ndi nthambi ya banki, koma nthambi imodzi pa likulu sikutanthauza kuti masitolo a kumidzi ali ndi POS. Ndipo mu Novembala 2018, netiweki ya SIMO, imene imalumikiza ma ATM ndi ma POS a mabanki ambiri m'dziko muno, inaima kwa masiku angapo chifukwa cha mkangano ndi kampani imene inkapereka pulogalamu yake, anthu n'kutsala ndi makhadi osagwira ntchito m'manja. Amene amayamikira makhadi amanena kuti mavuto ngati amenewa amachepa pamene njira zolipirira zikukula, ndiponso kuti ngongole yolembedwa, yoyang'aniridwa ndi banki yaikulu, ndi yabwino kuposa katapila. Amene amawakayikira amayankha kuti ngongole yosavuta kutenga imalowa m'nyumba mwakachetechete, ndipo antchito ambiri ali kale ndi ngongole zodulidwa pa malipiro asanawonjezerepo khadi. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wooneka m'mabanja amene timawadziwa.

Mafunso amene adakalipo ndi akuluakulu. Kutsika kwa MIMO kudzafika liti, ndipo ndi mlingo wanji, pa chiwongoladzanja cha makhadi, chimene sichitsika msanga ngati cha ngongole zina? Popeza makampani a mafoni ayamba kupereka ngongole zazing'ono za masiku ochepa poyang'ana m'mene munthu amagwiritsira ntchito foni yake, kodi khadi lidzakhalabe la antchito a malipiro okha, ngongole ya anthu wamba n'kusamukira pafoni, ndipo ndani adzaonetsetse kuti mitengo ya ngongole za pafonizo ikulembedwa momveka? Kodi mabanki angapange khadi lotsata nyengo ya ulimi, lolipiridwa pokolola, popanda kuliika pa mtengo umene mlimi sangaufikire? Pamene mapangano a makhadi amalembedwa m'Chipwitikizi cha malamulo, ndi udindo wa yani kufotokozera kasitomala wa ku Chifunde kapena ku Tsangano m'Chichewa chake tanthauzo la gawo limene akusankha kuti lizidulidwa pamwezi, asanasaine? Ndipo ngati ndalama zakunja zipitirira kuvuta, kodi khadi lidzakhalabe ndi phindu kwa anthu a m'malire amene analitengera kuti azilipira nalo kunja?